Botolo la mchenga, chindapusa cha mayuro 3,000: n'chifukwa chiyani maiko ena amaletsa kutapa mchenga pagombe?

Nyengo yotentha ikafika ku Ulaya, anthu akumeneko akayamba kukhamukira kunyanja kukawothera dzuwa, pali nkhani imodzi yomwe siphonya chaka: mlendo wina wagwidwa ndi mchenga m'chikwama. Ikafika m'magulu athu a WhatsApp, anthu amafa nalo phwete. Wina amati azungu asowa chochita. Wina amafunsa ngati mchengawo uli ndi golide. Sindiwadabwa, pakuti kwa ife mchenga ndi chinthu chomwe timasasa kumapazi tisanalowe m'nyumba ya eni.

Yomwe inamveka kwambiri ndi ya mu Ogasiti 2019. Mwamuna ndi mkazi ochokera ku France anali atatha tchuthi chawo pachilumba cha Sardinia, ku Italy, ndipo anali pamzere wokwera sitima padoko la Porto Torres kubwerera kwawo kudzera ku Toulon. Apolisi atatsegula kumbuyo kwa galimoto yawo anapeza mabotolo apulasitiki 14 odzaza mchenga woyera wa kugombe la Chia, kummwera kwa chilumbacho. Atauyeza unakwana makilogalamu 40, kuperewera pang'ono thumba la chimanga. Awiriwo anati amangofuna chokumbukira ulendo, ndipo samadziwa kuti n'kulakwa. Anauzidwa kuti mlandu wawo ukhoza kuwalowetsa m'ndende chaka chimodzi mpaka zaka zisanu ndi chimodzi.

Kuti timvetse momwe dziko lingafikire pamenepa, tiyenera kuona lamulolo lenilenilo, kenako n'kuona mchengawo: komwe umachokera, momwe umayendera, ndi chomwe chimachitika ukachepa.

Lamulo la ku Sardinia likuti chiyani?

Sardinia ndi chigawo cha Italy chomwe chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo. Mu Julaye 2017 nyumbayo inakhazikitsa lamulo lokhudza zokopa alendo, ndipo ndime ina m'menemo imati aliyense wotapa, wosunga kapena wogulitsa mchenga, nsangalabwi, miyala kapena zigoba za nkhono zochokera kugombe kapena m'nyanja popanda chilolezo alipire chindapusa cha mayuro 500 mpaka 3,000. Ndimeyo imanena poyera kuti ngakhale zitakhala zochepa, mlandu ulipo ndithu. Mayuro 500, omwe ndi poyambira chabe, kuno kwathu angagule matipa angapo a mchenga womwewo.

Taonani mawu atatu aja: kutapa, kusunga, kugulitsa. Wapolisi sachita kudikira kuti akupezeni mutawerama pagombe. Akakupezani nawo pabwalo la ndege patapita sabata, kusungako n'kokwanira. Ndipo wogulitsa pa intaneti, poti alipo anthu omwe amaika timabotolo ta mchenga wa ku Sardinia pamsika wa pa intaneti, naye lamuloli limamukhudza.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Chindapusachi si chilango cha kukhoti. Chili ngati cha apolisi a pamsewu: akulemberani, mwalipira, mwapita, dzina lanu silinalowe m'kaundula wa opalamula. Nanga za ndende zija zinachokera kuti? Lamulo lomwelo limati chindapusa chimagwira ntchito ngati cholakwacho sichinafike pokhala mlandu waukulu. Zikakhala zambiri, monga makilogalamu 40 aja, apolisi akhoza kuzitenga ngati kuba katundu wothandiza anthu onse, ndipo pamenepo nkhani imachoka m'manja mwa lamulo la chigawo n'kupita ku malamulo a milandu a dziko lonse la Italy. Zaka zisanu ndi chimodzi zija ndi pothera penipeni pa chilango cha mlandu wotero. Zomwe zimachitika kawirikawiri n'zakuti munthu amalandidwa mchengawo n'kulipira. Mu 2020 mlendo wina wa ku France anapereka mayuro 1,000 atapezeka ndi makilogalamu awiri pabwalo la ndege la Cagliari. Mu 2021 apolisi analengeza kuti alipitsa anthu 41 omwe onse pamodzi anali ndi makilogalamu pafupifupi 100 a mchenga, miyala ndi zigoba.

Kuletsaku sikunayambe mu 2017. Malamulo a za panyanja a dziko la Italy, omwe ndi a 1942, ali kale ndi ndime yoletsa kukumba mchenga m'malo a boma a m'mphepete mwa nyanja popanda chilolezo. Koma ndimeyo inalembedwa poganizira munthu wobwera ndi fosholo ndi ngolo. Wa botolo sankamuwerengera. Chomwe chinasintha maganizo ndi zomwe ogwira ntchito yofufuza katundu pabwalo la ndege la Cagliari ankaona tsiku ndi tsiku pamakina awo ounikira zikwama. M'miyezi itatu yokha ya nyengo yotentha ya 2015 analanda mchenga wokwana matani asanu. Ena mwa iwo anatsegula tsamba pa Facebook, Sardegna Rubata e Depredata, kutanthauza Sardinia wobedwa ndi wofunkhidwa, n'kumaikapo zithunzi za milu ya mabotolo. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolowo anthu anauona ndi maso.

Gombe ndi la ndani?

Funso lomwe limabwera msanga n'lakuti, munthu angabe bwanji chinthu chopanda mwini? Yankho la malamulo n'lakuti mwini alipo. Kale kwambiri, m'zaka za m'ma 500, malamulo a Aroma omwe anasonkhanitsidwa muulamuliro wa mfumu Justinian ankanena kuti mpweya, madzi oyenda, nyanja ndi magombe ake ndi za anthu onse. Maganizo amenewa ndiwo analowa m'malamulo a maiko ambiri a ku Ulaya. Ku Italy gombe lili m'gulu la malo omwe amawatcha demanio marittimo, ndiye kuti malo a m'mphepete mwa nyanja omwe boma limasunga m'malo mwa anthu, ndipo sagulitsidwa. Hotela ikhoza kubwereka chigawo n'kuikapo mipando ndi maambulera, koma mchenga wa pansi pa mipandoyo si wake.

Ife izi sizachilendo kwenikweni. Dambo la m'mudzi aliyense amadyetsako ng'ombe, amamwetako udzu, ana amaseweramo. Koma munthu atabwera ndi khasu n'kuyamba kusenda nthaka ya dambolo kupita nayo kumunda kwake, a mfumu angamuitanitse tsiku lomwelo. "Cha tonse" ndi "chopanda mwini" ndi zinthu ziwiri zosiyana. Gombe mukhoza kuligwiritsa ntchito, kugonapo, kumangapo tinyumba ta ana ta mchenga. Chomwe lamulo likukana n'kunyamulako gawo kupita nalo kwanu.

Maiko ena ali ndi malamulo ofanana, kungoti amasiyana kaperekedwe ka chilango. Ku France chindapusa chimafika mayuro 1,500. Ku Hawaii, zilumba za dziko la America, chikhoza kufika madola 100,000. Ku Britain, komwe abale athu ambiri amakhala, lamulo loteteza magombe ndi la 1949, ndipo limapatsa khonsolo ya dera mphamvu yoletsa kuchotsa mchenga kapena miyala pagombe lake. Pomwe khonsolo yaletsa, chindapusa chimafika mapaundi 1,000. Mu 2018 munthu wina yemwe anatola jumbo ya nsangalabwi ku Crackington Haven, m'chigawo cha Cornwall, anamulondola mpaka kumupeza, ndipo anayenda ulendo wautali kukabweza miyalayo pothawa mlandu.

Gombe lili ngati banki m'khonde

Tsopano tifike pa mchengawo. Akatswiri a miyala amati mchenga ndi timibulu tomwe kukula kwake kuli pakati pa mamilimita 0.06 ndi mamilimita 2. Tochepera pamenepo ndi matope, tokulirapo ndi timiyala. Wambiri umachokera kumapiri: dzuwa, mvula ndi mizu ya mitengo zimaswa thanthwe, mtsinje n'kunyamula zidutswazo, kuzigubuduza ndi kuzipera ulendo wonse mpaka kukazitula kunyanja. Ntchito imeneyi imatenga zaka mazana, nthawi zina zikwi. Wina suchokera kumapiri n'komwe. Ndi zigoba za tizilombo ta m'nyanja zomwe mafunde aphwanya.

N'chifukwa chake gombe lililonse lili ndi mchenga wakewake. Ku Is Arutas, kumadzulo kwa Sardinia, timibulu take ndi ta mwala wa quartz, tosalala, tooneka ngati mpunga wopuntha kale, tina toyera, tina tofiirira, tina tobiriwira. Anthu akaufumbata safuna kuutaya, ndipo gombe limenelo ndi limodzi mwa omwe abedwa kwambiri. Pachilumba chaching'ono cha Budelli, kumpoto, pali gombe lomwe mchenga wake unali wofiirira ngati duwa. Mtunduwo umachokera ku zigoba za kachilombo kakang'ono zedi komwe kamakhala m'mizu ya udzu wa pansi pa nyanja wotchedwa Posidonia. Alendo atachuluka, anangula a maboti awo ankazula udzuwo, iwo eni n'kumanyamula mchengawo, ndipo mtundu uja unayamba kufwifwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 palibe wololedwa kupondapo. Anthu amangoonera patali.

Chachiwiri, mchenga wa pagombe sukhala malo amodzi. Mukadzapita kunyanja nthawi ya mwera, dzaponyeni chitsononkho pomwe mafunde akuthera, n'kuchiyang'anitsitsa. Funde limabwera chammbali, motsatira mphepo, n'kukankhira chitsononkho chija kumtunda mopendeketsa. Madziwo pobwerera amatsika molunjika, n'kuchikokera pansi. Funde lina likabwera limachikankhanso chammbali. Pakapita kanthawi mupeza kuti chasuntha mapazi angapo kutsata gombe, chikuyenda ngati mano a sowo. Kambulu kalikonse ka mchenga kakuyenda ulendo womwewo. Mchenga womwe mwaupondapo lero, chaka chamawa udzakhala pakhomo pa wina.

Akatswiri amawerengera kayendedwe kameneka ndipo amakatcha bajeti ya mchenga. Tanthauzo lake n'losavuta kwa aliyense yemwe anakhalapo mu banki m'khonde. Pali zolowa: zomwe mitsinje yabweretsa, zomwe zagumuka m'maphedi, zomwe mafunde akoka kuchokera kugombe loyandikana nalo. Pali zotuluka: zomwe mphepo yaulutsira kumtunda, zomwe namondwe wakokera kwakuya, zomwe zapitirira kugombe lotsatira. Zolowa zikamafanana ndi zotuluka, gombe limaoneka ngati silisintha ngakhale mchenga wake ukusinthana tsiku lililonse. Wotapa mchenga ali ngati membala yemwe akutenga ngongole koma saponya masheya. Bokosi likakhala lonona, gulu silizindikira msanga. Koma m'madera ambiri zolowa zinachepa kale, chifukwa madamu omangidwa pamitsinje amatchinga mchenga usanafike kunyanja, ndipo wina umakumbidwa mumtsinje momwemo.

Nanga gombe likachepa, chavuta n'chiyani? Gombe ndi chotchinga. Funde likamakwera pamchenga wotsetsereka limataya mphamvu pang'onopang'ono, madzi ena n'kulowerera pansi, moti pofika kumtunda limakhala litafooka. Mchengawo ukachoka, madzi akuya amayandikira, ndipo funde limafika pakhoma la nyumba lili ndi mphamvu zake zonse. Kunyanja zamchere kulinso vuto lina: madzi amchere amayamba kulowerera m'zitsime ndi m'minda ya pafupi. Akamba a m'nyanja, omwe amaikira mazira mumchenga, amasowa pokumba.

Mudzi womwe unapita ndi miyala yake

Palibe nkhani yomwe imaonetsa bwino zimenezi kuposa ya Hallsands, mudzi wa asodzi m'chigawo cha Devon, kummwera chakumadzulo kwa England. Nyumba zake zinamangidwa pathanthwe m'munsi mwa phedi, ndipo pakati pa nyumbazo ndi nyanja panali gombe lalikulu la nsangalabwi.

M'zaka za m'ma 1890 boma la Britain linaganiza zokuza doko la sitima zankhondo ku Devonport, pafupi ndi Plymouth. Pankafunika konkire yambiri. Kontilakita anapatsidwa chilolezo chokumba miyala ndi mchenga m'madzi a kufupi ndi Hallsands, ndipo ntchito inayamba mu 1897. Asodzi anadandaula kuti gombe lawo litsika. Anayankhidwa kuti nyanja idzabweretsa miyala ina, monga imachitira nthawi zonse. Sinabweretse. Miyala ya pamenepo inaunjikana zaka zikwi zambiri zapitazo, ndipo panalibe mtsinje kapena phedi lomwe linkawonjezerapo ina. Kunena mwa chitsanzo chathu chija, linali bokosi lomwe mamembala ake anasiya kalekale kuponya. Matani mazanamazana ankachoka pa tsiku, gombe linatsika ndi mamita angapo, ndipo pomwe chilolezocho chinkathetsedwa mu 1902, madzi anali atayamba kale kufika pamakoma.

Anamanga chipupa chotchinga, chinawasungako zaka zingapo. Usiku wa pa 26 Januwale 1917 mphepo yamkuntho yochokera kummawa inakumana ndi madzi okwera kwambiri. Mafunde anadumpha chipupa n'kulowa m'nyumba. Anthu onse anapulumuka, koma mudzi sunapulumuke: nyumba imodzi yokha ndi yomwe inatsala yoti munthu n'kukhalamo. Mabwinja ake alipo mpaka lero.

Chomwe chimandigwira mtima m'nkhaniyi ndi zaka zija. Kukumba kunasiya mu 1902, mudzi unagwa mu 1917. Zaka 15 zinadutsa pakati pa chochitacho ndi zotsatira zake zenizeni. Apa ndi pomwe pagona vuto la malamulo a mchenga: wokumba amalandira ndalama lero, wolira amadzalira mtsogolo, mwinanso ali mudzi wina kutsogolo kwa gombe. Kudikira kuti munthu wovulazidwa adzasume n'kuchedwa. Ndiye opanga malamulo amasankha kuletseratu, kapena kufuna chilolezo ntchito isanayambe.

Botolo ndi lole sizofanana

Kunena chilungamo, si mabotolo a alendo omwe akumaliza magombe padziko lapansi. Ndi zomangamanga. Nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, UNEP, imati anthu amagwiritsa ntchito matani 50 biliyoni a mchenga ndi timiyala chaka chilichonse, okwanira kumanga khoma lotalika mamita 27 ndi kutambalala mamita 27 kuzungulira dziko lonse. Kupatula madzi, palibe chachilengedwe china chomwe timatapa chochuluka chotere. Konkire, pulasitala, magalasi, misewu, zonsezi ndi mchenga.

Wina afunsa kuti, nanga chipululu cha Sahara chija? Mchenga wa m'chipululu mphepo inaupera mpaka unasalala ndi kuchepetsetsa, moti sugwirana bwino ndi simenti. Mmisiri aliyense womanga amadziwa zimenezi ngakhale sanaonepo chipululu. Tipa ikatsitsa, amatapa dzanja limodzi, kuufinya, kuutikita ndi zala. Akamva kukhakhala amagwedeza mutu kuvomera. Ukamata ngati ufa kapena kusiya dothi m'manja, amati uwu ndi wa pulasitala basi, wa konkire mukatenge wa kumtsinje. Mchenga wokhakhala umenewu umapezeka m'mitsinje, m'nyanja ndi m'magombe, ndipo dziko lonse likulimbirana womwewo. Ngakhale mzinda wa Dubai, womwe wazunguliridwa ndi chipululu, unaitanitsapo mchenga kuchokera ku Australia.

Pomwe pali ndalama zotere, akuba sasowa. Mu 2008 ku Coral Spring, m'dziko la Jamaica, anthu anadzuka n'kupeza gombe lapita: malole pafupifupi 500 a mchenga woyera anatengedwa, ndipo apolisi anachita kukatapa mchenga m'magombe a mahotela ena kuti akaufananitse. Ku Morocco, UNEP inanena mu 2019 kuti theka la mchenga womangira, ma cubic metre 10 miliyoni pa chaka, limachokera m'magombe mozembera lamulo, ndipo wina umakamangira mahotela a alendo omwe akubwerera magombe omwewo. Indonesia inaletsa kugulitsa kunja mchenga wa m'nyanja mu 2003, pomwe wambiri unkapita ku Singapore kukakwirira nyanja kuti dzikolo likule, koma mu 2023 boma linatsegulanso khomo limenelo. Mu 2022 UNEP inapempha maiko kuti aletseretu kukumba mchenga m'magombe.

Ndiye malamulo alipo a mitundu iwiri, ngakhale m'nkhani amasakanizidwa. Ena ndi a migodi ndi zachilengedwe, olimbana ndi lole ndi makina okumbira. Ena, monga la ku Sardinia, ndi a malo omwe alendo amafika mamiliyoni pa chaka ndipo chuma cha dera chagona pa kukongola kwa gombe. Kumeneko ngakhale mchenga womatirira kuthaulo amauwerengera. Pagombe la La Pelosa, ku Stintino pachilumba cha Sardinia, munthu amayenera kuyala mkeka pansi asanayale thaulo, kutsuka mapazi pochoka, ndipo m'nyengo ya alendo olowa sapitirira 1,500 pa tsiku.

Omwe sagwirizana nazo akuti chiyani?

Madandaulo alipo, ndipo si opanda pake. Alendo amati sanaone chikwangwani, ndipo chilango n'chachikulu poyerekeza ndi kabotolo kamodzi. Oikira kumbuyo lamulo amayankha kuti pa anthu 100 otapa, wogwidwa mwina ndi mmodzi, choncho chindapusa chikachepa palibe angachiope.

Dandaulo lolemera kwambiri limachokera kwa osauka. Pachilumba cha Santiago, ku Cape Verde, amayi akhala akulowa m'nyanja ndi ndowa, kutapa mchenga pansi pa mafunde n'kusenza pamutu kukaunjika kumtunda kuti malole adzagule. Lamulo limaletsa, magombe ena anatsala miyala yokhayokha, amayiwo akudziwa zonsezi, koma ana kunyumba akudikira chakudya. Wogwidwa amakhala mayi wa ndowa uja. Mwini lole ndi mwini nyumba yomwe ikumangidwa kawirikawiri sawafika. Palinso umboni wochokera m'maiko monga India wakuti kuletsa kokha, pomwe ofuna mchenga sanachepe, kumakweza mtengo n'kuitana magulu a zigawenga omwe amachita ziphuphu ndi kuopseza atolankhani. N'chifukwa chake ena amati bola kupatula malo ovomerezeka, kuika malire a kuchuluka kwake, ndi kulimbikitsa zolowa m'malo monga fumbi la kukwale ndi zigumukire za nyumba zakale zoperedwa.

Nanga kwathu kuno?

Malawi alibe nyanja yamchere, koma magombe tili nawo, kuyambira ku Karonga, Chintheche, Nkhotakota, Senga Bay mpaka ku Mangochi. Ndipo mchenga wa m'nyanja yathu uli ndi chinthu chimodzi chomwe chimaukometsa kwa omanga: ulibe mchere. Wa kunyanja yamchere umayenera kutsukidwa kaye, apo ayi zitsulo za m'konkire zimachita dzimbiri. Wathu ndi wongotapa n'kuponda.

Malamulo athu sayang'ana kwambiri munthu wa kabotolo. Amayang'ana wokumba. Pansi pa lamulo la migodi, lomwe linakonzedwanso mu 2023, mchenga uli m'gulu la zokumbidwa zomangira, ndipo woukumba kuti agulitse amayenera kukhala ndi chilolezo. Lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la MEPA, limafuna kuti ntchito zomwe zingawononge malo ziunikidwe zisanayambe. Lamulo la za madzi la 2013, lomwe limayendetsedwa ndi bungwe la NWRA, limateteza m'mphepete mwa mitsinje ndi nyanja. Makhonsolo a mizinda nawo akhala akuletsa mobwerezabwereza kukumba mchenga m'mitsinje monga Lilongwe, Lingadzi ndi Mudi, ngakhale aliyense wodutsa pamilatho amaona milu ya mchenga ndi anyamata a mafosholo akudikira lole. Malo amodzi pomwe ngakhale mlendo ayenera kusamala ndi m'paki ya Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear ndi zilumba zake, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. M'paki simutenga kanthu popanda chilolezo.

Pali china chomwe sitimachiganizira kawirikawiri. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu, pofuna kupulumutsa mitengo. Mabuloko a simenti analowa m'malo. Koma buloko ndi simenti yosakaniza ndi mchenga kapena fumbi la kukwale. Katundu yemwe anatulidwa pamutu pa nkhalango, gawo lina anakasenzetsedwa mtsinje ndi gombe.

Kunyanja kwathu mchenga ndi nkhani ya ndiwonso. Chambo chachimuna chimakonza chisa chake pansi pa madzi, pamchenga, chooneka ngati mbale yaikulu, n'kumakopera chachikazi pamenepo. Mitundu ina ya utaka imaunjika timilu ta mchenga pa cholinga chomwecho. Ana a nsomba zambiri amakulira m'madzi osaya a m'mbali, m'mabango ndi m'maudzu. Pagombe pomwepo ndi pomwe asodzi amakokera makoka, kukocheza mabwato ndi kuimika mathandala oyanikira usipa. Ndipo maenje omwe okumba amasiya akadzaza madzi amasanduka misampha ya ana. Mu 2024, madzi a m'nyanja atakwera kwambiri n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, anthu ambiri anaona koyamba kufunika kwa mtunda womwe umalekanitsa khonde ndi funde. Kukwera kwa madziko kunadza ndi mvula, osati okumba mchenga, koma funde la mwera likabwera pamwamba pa madzi okwera chotero, kukula kwa gombe lomwe latsala ndi komwe kumanena pomwe likathere.

Palinso mchenga wa mtundu wina womwe nkhani yake ndi yosiyana: wakuda, wolemera, wokhala ndi miyala ya mtengo wapatali yomwe amapangira utoto woyera ndi zitsulo zopepuka. Umapezeka ku Makanjira ndi kufupi ndi Chipoka. Umenewo ndi mgodi weniweni, ndipo umayendera ziphaso zikuluzikulu za migodi.

Mchenga wolandidwa umapita kuti?

Tibwerere ku Sardinia, komwe tinasiya milu ya mabotolo m'mabwalo a ndege. Kuulanda n'kosavuta, kuubweza ndiye ntchito. Simungangoukhuthula pagombe lapafupi, chifukwa monga taonera, mchenga wa ku Is Arutas si wa ku Chia, ndipo kuusakaniza n'kuwononganso. Umasungidwa m'zipinda mpaka nyengo ya alendo itatha, kenako ogwira ntchito pamodzi ndi anthu ongodzipereka amausankhula. Ku Olbia, bwalo la ndege limagwirizana ndi oyang'anira malo otetezedwa a m'nyanja a Tavolara pa ntchito imeneyi.

Chomwe chimawathandiza ndi khalidwe la otapawo. Ambiri, pofuna kuti asadzaiwale, amalemba pabotolo dzina la gombe, ena mpaka tsiku. Botolo lolembedwa limabwerera kwawo mosavuta. Lopanda dzina limadikira katswiri wa miyala kuti ayang'ane mtundu ndi kukula kwa timibulu take, n'kunena komwe angakalikhuthule. Wina umabwera wokha: mu 2016 mayi wina anabweza mchenga wofiirira womwe anatapa ku Budelli zaka 29 m'mbuyomo, pamodzi ndi kalata yopepesa.